Chipsera cha Tikondwe

Chilomoni, Blantyre
14 Epulo 2024

Wokondedwa mlongo wanga Bernadetta,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Mayani ndipo mwana sanavute m'basi. Alamu a Dominiko ali bwanji? Ine ndili bwino, kungoti nyumba yangoti zii chichokereni Tikondwe. Masupuni anga awiri ndawapeza dzulo m'nsapato, umuuze kuti malume aiona ntchito yake.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni ya alamu ndimaidziwa. Kuti igwire mpaka munthu akwere pachulu, ndipo ukamayankhula mudzi wonse umamva nawo. A Alufeo, oyendetsa lole ya mbatatesi aja, avomera kumatinyamulira makalata akamabwera kudzatsitsa katundu ku Limbe.

Tsono ndibwereze zimene ananena adokotala a ana aja, poti Chingerezi chinkangokudutsa ndipo m'chipindamo unkalira. Khunyu la Tiko si la masiku onse lija. Ati ndi la mtundu wosowa, dzina lake Dravet, n'chifukwa chake linamuyamba ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ndipo limabwera thupi likangotentha. Mankhwala amadzi ofiira aja azimwa m'mawa ndi madzulo, ndi theka la piritsi loyera lija madzulo, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Akatha zaka ziwiri osagwa adzamusiyitsa mankhwala, ndiye kuti wachira. Ndi mmene ananenera, choncho pukuta misozi.

Usamamusambitse madzi otentha kwambiri, ngakhale kuzizire bwanji kwanuko. Ndiye moto, Berna. Mwanayo asayandikire mbaula. Ukukumbukira za amalume a Vinsenti, sindikufuna kunena zambiri.

Lachiwiri pa 9 Julayi ubwere naye. Mankhwala sapereka mwini wake palibe, chifukwa amayamba amuyeza pa sikelo kuti adziwe mlingo. Undilembere msanga, ndipo ukamatumiza kalata usaiwale kuti m'tauni nyemba n'zodula.

Ndine mlongo wako,
Gerevazio


Mayani
19 Meyi 2024

Okondedwa achimwene,

Moni wochokera kwa tonse kuno. Tili bwino, kaya inu kumeneko ndi masupuni anu? Nyemba ndapatsira a Alufeo, mukaphike nokha poti mudakana kukwatira.

Achimwene, ndikulemba ndi chimwemwe. Lero lakwana tsiku la 39 Tiko asadagwe. Chiyambire matendawa sadathepo milungu iwiri. Ndidapachika kalendala ya ku parishi kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku lililonse likatha bwino ndimajambulapo kamtanda. Abambo ake amandiseka, ati ndasanduka kalaliki, koma ndidawapezerera tsiku lina akuwerenga timitandato ndi chala. Ndidawerengetsa kuti zaka ziwirizo zidzakwana mu Epulo 2026. Ndikadzafika pamenepo ndidzapempha Misa yothokoza, kwaya idzaimbe mpaka mawu athe.

Wayamba kulumikiza mawu. Akamva lole pamsewu amathamangira kukhomo n'kumati, "Malume nthochi." Ndi zaka zake zinayi anzake adamusiya kutali, ndikudziwa, koma kwa ine mawu awiriwo ndi ulaliki wathunthu. Kuyenda akadali kudzandira pang'ono ngati mwana wa mbuzi.

Za amalume a Vinsenti simukadavutika kundikumbutsa. Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsiku limene khunyu lidawagwetsera pamoto, ndipo ndidamva ndi makutu angawa amayi akunena kuti basi kwatha, wakhunyu akapsa sachira. Kuyambira pamenepo palibe adawatengeranso kuchipatala kapena kwa sing'anga. Ankangowapatsa chakudya m'mbale yawoyawo mpaka tsiku limene adawapeza m'dambo atafa chafufumimba. Nditawerenga kalata yanu ndidazindikira kuti adokotala nawonso zimenezi amazidziwa. Mbaula ndidaisamutsira m'khitchini ndipo chitseko ndimamanga ndi waya.

Kuno kwayamba kuzizira. Pa 9 Julayi tidzafika.

Ndine mlongo wanu,
Bernadetta


Mayani
30 Juni 2024

Achimwene,

Tili bwino, kaya inu. Ndalemba mwachangu chifukwa lole ikunyamuka.

Pa 9 paja sitikwanitsa kubwera. Tikukumba mbatatesi ndipo abambo a Tiko sangathe okha. Komanso mwana ali ndi kachimfine, mphepo ya m'basi ingamuwonjezere. Mukawapemphe adokotala atisunthire tsiku, kaya Sepitembala kukafunda.

Za sikelo musadandaule. Ndidamukweza pa sikelo ya ogula nyemba pamsika, akulemera makilo 14. Mukawauze choncho akupatseni mankhwalawo, mutumize ndi a Alufeo. Ngati angafunse zambiri mungoti mwana ali bwino.

Musaimbe pa foni, batire yake idafa.

Bernadetta


Mayani
3 Julayi 2024

Kwa alamu anga a Gerevazio,

Ndayamba ndi kupereka moni ndi ulemu. Ine si munthu wa makalata, mukhululuke zolemba zanga. Kalatayi mayi a Tiko sakuidziwa, ndipo ndikupemphani isawafike m'makutu.

Alamu, mwana adapsa. Lidali Lamulungu pa 16 Juni m'mawa, kudazizira moti madzi a m'ndowa ankaluma zala. Mayi ake adapita ku mjigo. Ine ndidakoleza zitsononkho pabwalo kuti ndiothe ndisadapite kudimba, ndipo mwana adabwera kudzakhala pambali panga. Ndidamuona akunjenjemera ndi chisanu, ndidalephera kumuthamangitsa. Ndidangotembenuka kuti nditole chikuni, pobwerera maso ndidapeza wagwa, dzanja lamanja lili pamakala. Ndidamukoka msanga koma adapsa kuyambira pachikhatho kufika pafupi ndi chigongono. Mlandu ndi wanga, si wa mlongo wanu.

Kuchipatala chaching'ono sitidapite, chifukwa mayi ake adati akalemba m'buku lake lija ndipo adokotala a ku Blantyre adzawerenga. Tikumupaka mankhwala a m'kachubu ogula pa Mayani. Chilonda chikuuma koma chipsera chidzakhala chachikulu. Amamuveka juzi ya manja aatali usana wonse kuti anthu asaone. Adziwa ndi mayi Agatha okha, oyandikana nafe aja, amene mwana wawo wamkulu amadwalanso khunyu.

Mlongo wanu akuti adokotala akaona chipsera adzati mwanayu sangachirenso, mankhwala odulawa apite kwa ana ena amene angachire. Akutinso inu mudzataya mtima monga adachitira amayi anu ndi a Vinsenti. Ndiye wayamba kumumwetsa kamodzi patsiku kuti mankhwala afike Sepitembala, poganiza kuti chipsera chidzakhala chitazilala. Chipsereni wagwanso kanayi. Kalendala ija adaichotsa kuchitseko.

Ine ndidakulira m'mawu omwewo akuti wakhunyu akapsa sachira, ndipo sindidaonepo amene adawatsutsa. Koma mtima ukukana kuti ndingokhala. Chonde mukawafunse adokotala mochenjera, ngati mukufunsira mwana wa mnzanu wa kuntchito. Ngati ndi zoona tidziwe. Ngati si zoona mundiyankhe msanga, ndimunyamula ndekha kubwera naye.

Foni ndi yamoyo, koma adaitsekera m'sutikesi.

Ine mlamu wanu,
Dominiko


Chilomoni, Blantyre
21 Julayi 2024

Bernadetta,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma ndakwiya. Chilandirireni kakalata kako ka pa 30 Juni sindinamve kanthu kuchokera kumeneko. A Alufeo sakuoneka ku Limbe sabata yachitatu tsopano, ndamva kuti lole inafera pa Chimbiya. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi, kaya ifika.

Pa 9 ndinapempha tchuthi kusitolo n'kupita ndekha kuchipatala, ndili ndi makilo 14 ako a pa sikelo ya nyemba. Ndinachita manyazi ngati mwana wasukulu woiwala kope. Adokotala sanakalipe, anangondiyang'ana n'kufunsa kuti mwana ali kuti. Andipatsa botolo limodzi la amadzi ofiira kuti asadukize, ndi limene ndatumizali. Mapiritsi oyera aja ati sangatulutse asanamuone, chifukwa ndi amphamvu. Atipatsa tsiku lina, Lachiwiri pa 6 Ogasiti.

Mbatatesi, Berna? Iwe amene unagona pansi pa bedi la chipatala milungu itatu osadandaula, lero ukundiuza za mbatatesi? Ndine mkulu wako, ndimadziwa ukamanama, umalemba mwachidule. Ndikuuze zimene ndikuganiza. Abale a alamu akunyengererani kuti mupite naye kwa sing'anga, kapena kwa aneneri a m'mapiri aja amene amauza anthu kutaya mankhwala. Ngati ndi choncho, a Dominiko adziwe kuti mwini mbumba ndine, ndipo mwana wa mlongo wanga sakhala choyesera mizu ya anthu.

Ukabisa matenda, maliro tidzamva. Pa 6 Ogasiti ndidzakhala pa depoti kuyambira m'mawa. Ukapanda kutsika m'basi ndibwera ndekha kudzamutenga, ndipo tidzayankhulana pamaso pa anthu.

Gerevazio


Ku chipatala, Dedza Boma
9 Ogasiti 2024

Achimwene,

Pa foni dzana ndidangolira, mawu adakana kutuluka, ndiye ndapempha pepala kwa anamwino. Tiko ali moyo. Adatsegula maso dzulo masana. Sakuyankhula, ndipo akandiyang'ana sindikudziwa ngati akundizindikira.

Abambo ake andiuza kuti adakulemberani za kupsa kuja. Kaya idakufikani kaya ayi, ndi zoona. Ndidakunamizani. Kwa sing'anga sitidapite, ndipo abale awo musawanenere zoipa, sadziwa kanthu.

Mapiritsi oyera adatha pa 26 Julayi ngakhale ndinkawadula tizidutswa. Ndidasowa mtengo wogwira. Mayi Agatha atandiona ndikulira kuseri kwa nkhokwe adalowa m'nyumba mwawo n'kundibweretsera khumi mwa a mwana wawo Yamikani, amene amalandira mwezi ndi mwezi ndipo amamuthandiza. Adali oyera ngati omwe aja. Adati khunyu ndi limodzi, ndipo ife timabwerekana mchere ndi moto, tingamanane mankhwala mwana akuvutika? Adachita mwa chifundo, musawaimbe mlandu.

Patatha masiku atatu Tiko adayamba kudzidzimuka mapewa pafupipafupi, kapu kumugwa m'manja. Ine ndidati mankhwala achepa mphamvu, ndidayamba kumupatsa piritsi lathunthu. Lachiwiri, tsiku lomwe mudali pa depoti kutidikira, adagwa masana ndikusenda mbatatesi. Ndidamugoneka chammbali n'kudikira kuti zisiye monga zimachitira. Sizidasiye. Tidakwera njinga yamoto kupita kuchipatala chaching'ono akugwedezekabe pamiyendo panga, adamubaya, adatikweza ambulansi, mpaka kufika kuno milomo itada. Akuti zidapitirira ola ndi theka.

Kuti amuike diripi anamwino adadula juzi ija ndi sizasi. Chipsera chonse chidaonekera. Ine ndidagwira chitsulo cha bedi kudikira kuti atiuze tizipita kwathu. Iwo adangofunsa kuti adapsa liti, ndani ankamutsuka, kenako adafuna mtsempha padzanja linalo n'kupitiriza ntchito. Palibe adatchulanso za chipseracho.

Chimene adakwiya nacho ndi china. Adokotala a kuno nditawaonetsa mapiritsi a Yamikani adatsegula buku la Tiko tsamba loyamba, pamene adokotala a ku Blantyre adalemba Chingerezi ndi cholembera chofiira. Ati palembedwa kuti mwanayu asapatsidwe mankhwala amenewo ngakhale pang'ono, chifukwa ena amawathandiza koma khunyu la mtundu wakewu amaliutsa. Adandifunsa ngati sindidauzidwe. Ndidati ayi. Achimwene, kodi ndidauzidwa?

China ndi ichi. Ndidalimba mtima n'kufunsa anamwino ngati kupsaku kwaononga zaka ziwiri zija, kapena tingayambirenso kuwerenga. Adandifunsa kuti, "Zaka ziwiri ziti, mayi?" Nditafotokoza adati ndidikire adokotala Lolemba.

Sindingathe kudikira Lolemba. Inu mudali m'chipinda chija ndipo mudamva zonse. Ndiuzeni. Koma chilichonse chimene mungandichite chifukwa cha bodza langa, mwanayu musamutaye ngati a Vinsenti.

Bernadetta


Pa benchi, panja pa wodi ya ana
11 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Bernadetta,

Ndabwera kuti ndikuuze pakamwa. Ndakhala nawe m'wodimo maola atatu, ndamugwira Tiko dzanja lopsalo, ndakamba za ulendo, za nyengo, za lole ya a Alufeo, ndipo ndalephera. Ndiye ndikulemba pano, alamu akupatsa ndikakwera basi. Unene kuti ndine wamantha, sulakwa.

Kalata ya alamu inandipeza Lachinayi, itatha milungu isanu m'lole, ili ndi mafuta a injini. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo pa sitolo. Ndawapepesa kale pa zimene ndinawaganizira.

Za zaka ziwiri zija adokotala sananene. Ndinapeka ndine. Ndinazimva kwa bambo wina pamzere, amene mwana wake ali ndi khunyu wamba, ndipo nditakuona ukulira ndinazitola n'kukupatsa. Zimene adokotala ananena ndi izi, ndipo ulendo uno sindichotsapo kanthu. Khunyu la Tiko anabadwa nalo ndipo silichizika. Mankhwala amachepetsa kugwa, salithetsa, ndipo adzamwa moyo wake wonse. Ana ambiri otere akamakula kugwa kumachepa, makamaka kuja kotenga nthawi yaitali. Koma kuphunzira kumakhala kochedwa, kuyenda kumavuta, ndipo ambiri amafuna wowasamala ngakhale atakula. Ena amamwalira ali ana, pogwa nthawi yaitali kapena mwadzidzidzi ali m'tulo. Ambiri amakula. Anati sangadziwe kuti Tiko ali mbali iti, koma chimene chili m'manja mwathu ndi kumwetsa mankhwala osadukiza, kutsitsa kutentha kwa thupi msanga, ndi kuthamangira kuchipatala kugwa kukapitirira mphindi zisanu.

Za mankhwala oletsedwa aja ananenanso, kawiri, akulemba ndi chofiira chija. Anandiuza kuti ndikumasulire. Ine mutu unali utaima pa mawu akuti silichizika, ndipo ndinaopa kuti ndikayamba kufotokoza kusiyana kwa khunyu lake ndi la ena udzafunsa mafunso amene ndinkawathawa. Ndinati m'mtima, mankhwala onse azidzera kwa ine, enawo angawapeze kuti? Ndinaiwala kumene ndinabadwira.

Za moto, adokotala ankanena kuti kutentha kumautsa kugwa, komanso kuti angavulale. Za a Vinsenti ndinaonjezera ndekha kuti uchite mantha usamale. Lachisanu ndinapita kukawafunsa za kupsa, osati mochenjera monga mmene alamu anapemphera, ndinatchula dzina. Ati chipsera ndi chipsera basi, sichisintha kanthu pa matendawa, ndipo palibe mwana amene anamumanapo mankhwala chifukwa chopsa. Nditawauza za amalume anati mwina munthu ameneyo akanamwa mankhwala bwenzi ali moyo.

Ndinkati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndisenze ndekha. Nkhonyayo yagwera mwana wa zaka zinayi. Iwe unabisa dzanja, ine ndinabisa matenda onse, ndipo ndinali ndi mwano wokulembera mwambi. Adokotala atipatsa tsiku lina, pa 3 Sepitembala. Sinditaya Tiko, ngakhale iwe utanditaya ine.

Gerevazio


Mayani
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni. Tidatuluka pa 16 ndipo tili kunyumba. Kuchipatala adayankhulana ndi adokotala a ku Blantyre pa foni, mapiritsi ake enieni adafika, akumwa monga kale. Chitulukireni wagwa kamodzi, mphindi ziwiri, abambo ake adayang'ana pa wotchi ya foni.

Kalata yanu ndidaiwerenga kamodzi kokha. Ndidaipinda n'kupita kudimba, ndidalima mpaka manja adatuluka matuza. Milungu isanu ndi iwiri ndidamuveka mwana juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo, thukuta lili kamukamu, ndikumumana mankhwala ake omwe, kuteteza kuchira kumene kudalibe. Mukadandiuza zoona mu Epulo ndikadalira sabata imodzi, kenako ndikadadzuka. Ndidabereka mwanayu ndine, ndamuona akufa n'kudzuka kosawerengeka. Mudaona bwanji kuti sindingapirire mawu?

Mukufuna kumva kuti ndakukhululukirani. Abambo mfumu adalalika zomwezo lero, koma sindinama, sindidafikepo. Ndikudziwa kuti mudachita mondikonda. Mayi Agatha nawonso adachita mondikonda, inenso ndidachita momukonda Tiko, ndipo tonse atatu tidatsala pang'ono kumuika m'manda.

Kuyenda wayambiranso, mogwira khoma. Mawu adabwerera awiri okha, "ama" ndi "madzi". Dzulo lole ya a Alufeo idadutsa pamsewu, adatembenuza mutu, ine ndidasiya kupuma kudikira. Sadanene kanthu. Adokotala a ku Boma adati mwina abwerera, mwina ayi, ndipo ndidawathokoza chifukwa chosandinamiza.

Lero ndidapita naye ku tchalitchi atavala diresi la manja aafupi. Amayi a mu mphakati wathu adaona dzanjalo n'kuyamba kunong'onezana, mmodzi adandigwira paphewa ngati pamaliro. Potuluka ndidawauza kuti wapsa inde, ndipo mankhwala akumwa, ndipo adzamwa mpaka kalekale. Kalendala ndaibwezera kuchitseko. Sindikuwerengeranso Epulo 2026, ndikungojambula kamtanda tsiku likatha ali nafe, ndipo akagwa ndimalemba mphindi zake kuti adokotala akaone.

Pa 3 tibwera, ine, Tiko ndi abambo ake. Mudzatidikire pa depoti, mubwere ndi nthochi, mwina akaziona angakumbukire. Ndalemba mafunso asanu ndi awiri kuseri kwa kalata yanu. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa, achimwene. Anamwino a ku Boma andiuza kuti ndili ndi ufulu wopempha namwino wondimasulira, ndipo ndidzapempha. Kwa adokotala ndidzalowa ine ndi bambo wa mwana. Inu mudzakhale panja pa benchi, mutisungire chikwama.

Ndine mlongo wanu,
Bernadetta